Chaka chimene Amayi Tembo anakana kudya

Abale kumudzi akamandifunsa pa foni ngati ku Mangalande kuno kumagwako njala, ndimangoseka n'kusintha nkhani. Iwo akati njala amanena nkhokwe yopanda kanthu. Ine njala ndinaiona m'nyumba imene filiji yake inkakanika kutsekeka chifukwa chodzaza, ndipo ndikaunguza bwinobwino, ineyo ndinaithirira manyowa. Chinali chaka chija mafuta ophikira anasowa m'mashopu, dzuwa n'kuotcha udzu wonse wa mu Landani.

FEBULUWALE

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Ilford, m'kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Ntchito yanga inali yosamalira okalamba m'nyumba zawo, koma mashifiti anali atachepa, ndipo mwini nyumba anali atayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Woolwich, mayi wina wa msinkhu wangawu anandikokera pambali. Dzina lake anali Misozi, wobadwira konkuno kwa makolo a ku Zambia. Chinyanja ankachimva chonse koma ankayankha m'Chingerezi, ngati ana ambiri a kuno.

Anandiuza kuti amayi ake, Amayi Tembo, akalamba ndipo mutu wayamba kuwathawa. Chingerezi chimene analankhula zaka zonsezi chinali chitawatulukamo, kwatsala Chinyanja cha ku Katete chokha. Ankafuna munthu wokhala nawo pakhomo, womva zimene akunena. Chipinda chinalipo chaulere, chakudya chinalipo. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Tauni yawo ili kumapeto kwenikweni kwa Landani, kupitirira Ilford, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda. Dziko lake ndi la thyathyathya, lopanda ngakhale chulu, moti mphepo imabwera osagunda kanthu mpaka itakupeza. Dzina lake la pamapu lilipo, koma Amayi Tembo anaitcha kuti Kudambo kalekale, ndipo ife tonse a ku tchalitchi tinkaitchula choncho.

Amayi Tembo anali mzamba. Anafika Kudambo ali mtsikana, malowo ali kamudzi ka tchalitchi chimodzi, sukulu imodzi ndi kachipatala ka amayi oyembekezera pakati pa minda ya kabichi. Munthu wakuda woyamba amene anthu a kumeneko anamuona pafupi anali iwowo. Misozi ankati ali mwana sankatha kuyenda ndi amayi ake pamsewu osaimitsidwa, chifukwa aliyense wokumana naye anali woti analandiridwa ndi manja awo, kapena mwana wake. Pamene ine ndinkafika, kachipatala kaja kanali katasanduka nyumba zosanjikizana, ndipo palibe ankawadziwa pamsewu.

Vuto linali limodzi: sankadya. Namwino ankabwera mwezi uliwonse ndi sikelo, ndipo mwezi uliwonse ankalemba nambala yotsika. Dokotala anali atanena kale kuti zikapitirira thupi lidzafika poti silingabwererenso.

"Asisi, I don't care how," anatero Misozi tsiku loyamba, ataima pakhomo ndi chikwama cha ku ntchito. "Chabe azidya. Basi."

Ndinaziona zophweka. Ndadyetsapo azungu okalamba olavulira munthu kumaso, ndiye mayi wa kwathu angandivute chiyani? Ndinaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, n'kugwada pambali pa mpando wawo monga ndinaphunzitsidwira. Analinunkhiza, analawa sipuni ziwiri, n'kukankha mbale pang'onopang'ono mwaulemu.

"Chaka chino n'choipa, mwanawe," anatero. "Tidzadya chimanga chikacha."

Ndinawatsegulira filiji kuti aone. Anayang'anamo ngati akuyang'ana katundu wa eni ake, n'kundiuza kuti nditseke tisanamiziridwe kuba.

MALICHI

M'mawa uliwonse ankafuna ndiwakhazike pawindo. Nyumba yawo inali yomaliza pa mzere wa nyumba zakale, ndipo msewu wopita ku siteshoni ya sitima unkadutsa pamaso pake. Kusanache bwino anthu ankayamba kutuluka m'nyumba zatsopano zija, zikwama kumsana, mitu pansi, palibe wopatsa mnzake moni. Ikamakwana naini koloko msewu unkangoti zii. Kudambo ndi tauni yogonamo chabe, anthu ake onse amagwira ntchito m'katikati mwa Landani, ndipo masana umangomva makina a omanga nyumba zina.

Amayi Tembo ankati anthuwo akupita kukasuma. Ankawawerenga ndi chala, n'kumadandaula kuti akusiya ana ndi ndani. Madzulo akamabwerera ankayang'anitsitsa m'manja mwawo, akaona wopanda thumba ankapukusa mutu. Poyamba ndinkaseka, koma tsiku lina ndinayenda masana m'misewu yatsopano ija, makatani otseka khomo ndi khomo, osamva ngakhale mwana kulira, ndipo ndinachita mantha ngati ndadutsa pabwinja.

Misozi anandiuza kuti amayi ake anaonadi njala ali mwana, koma sankaikamba. Chimene iye ankadziwa n'chakuti pakhomo pawo kutaya chakudya unali mlandu waukulu kuposa kutukwana.

Nzeru zinandibwerera ndikutsuka mbale. Ngati njala ili m'mutu mwawo ikudikira chimanga, bwanji osawadzalira chimangacho, aone ndi maso awo chikumera, chikukula, chikucha? Kuseri kwa nyumba kunali timinda ta khonsolo timene anthu amabwereka, ndipo Amayi Tembo anali ndi kawo kuyambira kale, kali thengo lokhalokha. Misozi anakayikira, koma ndinamuuza kuti za kumunda andisiyire ine, mwana wa ku Mchinji wobadwira pamzere.

EPULO

Woyandikana nafe munda anali a Arthur, mzungu wokalamba wowerama msana, wobadwira Kudambo komweko. Ana awo onse atatu analandiridwa ndi Amayi Tembo, ndipo mpaka nthawi imeneyo ankawavulira chipewa n'kumawatchula kuti Sisitala. Ndikamasosa ankatsamira pampanda n'kumandilozera ndi chibwano. Poimika magalimoto pa siteshoni panali dziwe lomwera ng'ombe za agogo awo. Pamene pali shopu yaikulu panali munda wa balere. Ankati kale belu la tchalitchi likalira pakati pa sabata aliyense ankadziwa amene wapita, koma lero ambulansi imaima pakhomo loyandikana nalo, iwe osadziwa n'dzina lomwe. Ana awo aja anasamukira kutali chifukwa nyumba za pamalo pamene anabadwira sangazikwanitse. Ankanenanso kuti tauni ikukula tsiku ndi tsiku koma manda ake sakukula, chifukwa obwerawa akadwala kapena kukalamba amachoka.

Atamva kuti ndikufuna kudzala chimanga anandibweretsera kapepala ka mbewu. Pachithunzi pake panali chimanga chachikasu. Ndinakabweza ndi manja awiri, mwaulemu, koma mumtima ndinkatukwana. Kwathu chimanga chachikasu ndi cha chithandizo, chobwera pa lole chaka cha njala, anthu atandanda pamzere ndi matumba m'manja. Ineyo ndinaimapo pamzere wotero ndili mtsikana, ndipo fungo la ufa wake ndikulikumbukira mpaka lero. Ndikanaika bwanji chinthu chimenecho pamaso pa munthu amene ndikufuna kumutsimikizira kuti njala yatha?

Mbewu yanga ndinakaitenga ku Lewisham, kwa mayi wina wa kwathu, namwino, amene ankasunga chimanga cha makolo chopangira chimera cha thobwa. Chinali choyera, cholimba, maso ake akuluakulu. A Arthur anachitembenuza m'dzanja, nati aonapo anthu ena akuyesa mbewu za kumayiko otentha, ndipo sizinawayendere. Ndinawayankha kuti anthuwo sanali a ku Mchinji. Anangoseka n'kubwerera ku mbatata zawo.

MEYI

Ndinaunga mizere khumi ndi iwiri, yaikulu bwino, ya kwathu. Azungu a m'timindamo amadzala pansi posalala, ndiye ankabwera kudzaonerera. A Arthur anati ikuoneka ngati manda atsopano. Sindinakondwe nawo mawuwo, ndipo ndinawauza.

Tsiku lodzala ndinawakankha Amayi Tembo pa njinga yawo ya olumala mpaka m'mphepete mwa munda, nditawafunditsa mabulangete awiri. Ataona mizere maso awo anayera. Anayamba kundikalipira kuti mapando atalikirana, kuti ndikuponya mbewu ngati mwana wa m'tauni. Anapempha mbewu m'dzanja lawo, n'kumandipatsira zitatuzitatu. Titabwerera kunyumba anadya theka la mbale ya phala ndi nthochi yathunthu. Ndinajambula mbaleyo n'kumutumizira Misozi ku ntchito. Madzulo anabwera ndi maluwa, kundipatsa ine, ndipo ndinayenda sabata yonse phewa lili m'mwamba.

Theka la mbale lija silinabwerezedwe. Mawa lake tinabwerera ku sipuni ziwiri, nthawi zina zitatu, ndi tiyi wamkaka amene ndinkathiramo mankhwala opatsa mphamvu mwakabisira. Koma sindinade nkhawa. Mmera unatuluka wonse, wosafuna kupakiza ngakhale phando limodzi.

JULAYE

Chimanga chinakula mochititsa mantha. Kuno nyengo yotentha dzuwa limakana kulowa, ndipo chinkangokwera ngati chikuthamangitsidwa. Pakati pa mwezi chinali chitandipitirira, masamba obiriwira mpaka kuda, tsinde lonenepa ngati dzanja la mwana. Chachikasu chimene a Arthur anadzala m'munda mwawo chinkalekeza m'chifuwa mwanga, ndipo ndinkawafunsa ngati chikudwala.

Kenako kunabwera dzuwa loti ngakhale ine wa ku Afirika ndinasowa pokhala. Mvula inadula. Udzu wa m'mapaki unapsa n'kukhala ngati wa mu Okutobala kwathu. Tinamva kuti moto wolusa watentha nyumba m'kamudzi kena chakufupi, ndipo utsi wake tinauona kuchokera kumunda. Mphekesera zinali mbwee: ena ankati madzi azitsekedwa masana, ena ankati khonsolo yagulitsa timinda tathu kwa omanga nyumba, ena ankati nyengo yozizira magetsi azizima ngati kwathu. Ku shopu anaika chikwangwani choti munthu mmodzi asapitirire mabotolo awiri a mafuta. Anzanga a ku tchalitchi amene kale ankanyoza malo olandirira chakudya chaulere ndinayamba kukumana nawo pakhomo pake, aliyense akunamizira kuti wabwera kudzatengera mnzake.

Ine ndinkatunga madzi ndi ndowa pa mpope wa kumunda, maulendo osawerengeka, mpaka msana kuuma. Amayi Tembo zonsezi ankaziona pawindo. Udzu wopsa anauona, utsi anauona, ndipo chilichonse chinkangowatsimikizira zimene ankadziwa kale. Tsiku lina oyendetsa sitima ananyanyala ntchito, anthu sanatuluke m'nyumba. Amayi Tembo anadikira pawindo mpaka dzuwa kukwera.

"Afooka," anatero motsitsa mawu. "Zikafika apa ndiye kuti ayamba kugona m'nyumba. Tseka chitseko, mwanawe, tisamve."

Tsiku limenelo sanamwe ngakhale tiyi.

OGASITI

Cha a Arthur chinamasula, chinabereka, chinacha. Changa chinali chitatalika kuposa kanyumba kosungiramo makasu, koma ngayaye ngakhale imodzi. Ndinkalowa pakati pa mizere, kupinda nsonga n'kusuzumira, osapeza kanthu koma masamba okhaokha.

A Arthur anandifotokozera mofatsa zimene anamva kwa anthu odziwa. Anati chimanga cha kwathu chinazolowera usana ndi usiku wolingana, ndipo sichimasula mpaka masiku atafupika. Kuno masiku akamafupika ndiye kuti chisanu chili panjira. Ndinawayankha kuti kwathu chimanga chimamva mvula ndi manyowa, sichiwerenga wotchi. Koma mumtima ndinadziwa kuti akunena zoona. Safunsa anadya phula, ndipo ine anandiuza ndisanafunse n'komwe, phulalo n'kulidyabe.

Anathyola zisanu ndi chimodzi za m'munda mwawo n'kundipatsa, nati ndikawaphikire Sisitala. Ndinazilandira. Ndinafika nazo mpaka pakhomo la kukhitchini, n'kuima. Ndinaganiza kuti akaona chikasucho adzati boma layamba kugawa, ndiye kuti zinthu zafika poipitsitsa. Ndinaganizanso za mawu amene ndinamuuza Misozi, ndi maluwa aja. Sindinganame, chachiwirichi ndicho chinalemera kwambiri. Ndinaziphika iwo akuodzera masana, n'kuzidya ndekha zonse nditaimirira, zitsononkho n'kukazikwirira kumunda. Zinali zotsekemera, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri. Mwina akanadya, mwina sakanadya, sindidzadziwa.

Kumapeto kwa mwezi namwino anabwera ndi sikelo yake. Atalemba anamuitanira Misozi panja. Pobwera Misozi anandifunsa kuti chimanga chija chicha liti. Ndinati posachedwa. Anati dokotala akufuna ayesere njira zina, mwina kuwagoneka kuchipatala kwa kanthawi. Ndinamuchonderera kuti adikire, kuti akawachotsa pawindo ndi pamunda ndiye kuti tawapha. Anavomera chifukwa ankandikhulupirira.

OKUTOBALA

Ngayaye zinatuluka Sepitembala akutha. Ndinavina ndekha pakati pa mizere. Patapita masiku, ana a chimanga anayamba kuoneka m'mphepete mwa mapesi, pamwamba poti kuwafikira mpaka kukwera pa ndowa, ndevu zawo zofiirira bwino. Anthu a m'nyumba zatsopano ankabwera Loweruka ndi ana awo kudzajambula, akuti sanaonepo chimanga chachitali chotero. Mmodzi anandifunsa ngati ndimagulitsa mbewu.

Koma dzuwa linali litatha mphamvu. Linkatuluka mochedwa, kuyenda chapansipansi, n'kulowa anthu asanabwere ku ntchito. Mvula yozizira inayamba, yosalekeza. Anawo anangoima pamene anafikapo. Ndinkawafinya tsiku lililonse, ali ofewa ngati thonje.

Amayi Tembo anali atasiya kupita kumunda, miyendo inali itakana. Mphete yawo ya ukwati inkavuka yokha, ndipo Misozi anaiika m'kabati. M'mawa uliwonse ankandifunsa za chimanga, ine n'kumati sabata yamawa. Ankangogwedeza mutu. Munthu amene analimapo sanamizidwa za masabata, ngakhale ataiwala dzina la mwana wake.

NOVEMBALA

Chisanu chinagwa mwezi uli kumapeto. Ndinapita m'mawa n'kupeza masamba onse ali lende, otuwa ngati athiridwa madzi owira. Timinda tonse tinali titakololedwa kalekale, mwatsala mapesi anga okha ataima pakati pa dambo lija, mphepo ikuwaliza. A Arthur anali pampanda pawo. Sanandikumbutse zimene anandiuza zija, ndipo ndimawathokoza mpaka lero.

Ndinkafuna kubisa, koma tsiku limenelo Amayi Tembo anadzuka ndi mutu woyera kuposa masiku onse. Anati amva kuzizira m'mafupa, ndipo akufuna kuona chimanga. Ndinati kunja n'koipa. Anati ndiye ndikathyole chimodzi ndibwere nacho. Ndikanatha kukwera sitima, kukagula choyera ku msika wa ku Woolwich n'kuwanamiza. Nzeru imeneyo inandibwerera mawa lake. Tsiku limenelo ndinangopita ngati mwana wotumidwa, ndinasankha chachikulu kuposa zonse, n'kubwera nacho.

Anachisenda okha, khoko limodzilimodzi. M'kati munali chitsononkho choyera, ndi timaso tamadzi towerengeka cha kutsinde. Anakanikiza kamodzi ndi chikhadabo, kanangophulika. Anabwezera makoko bwinobwino ngati akufunditsa khanda, n'kundipatsa.

"Usauze ana," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo anatseka pakamwa, osafunanso kudya. Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Chaka chonse njala inali m'mutu mwawo mokha, ndipo tsiku lililonse panali mpata woti filiji, kapena shopu, kapena mwana wawo awatsutse. Ine ndinatenga khasu n'kuwalimira umboni. Anagonekedwa kuchipatala masiku angapo, anawaika madzi m'mitsempha, kenako madokotala anauza Misozi kuti kuli bwino akakhale kunyumba. Tinatsitsa bedi n'kuliika pabalaza, pafupi ndi windo lija. Misozi sanandikalipire. Ankandipatsabe moni m'mawa, kundifunsa ngati ndadya, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa.

DISEMBALA

Chipale chinagwa, sitima zinaima, Kudambo konse kunayera. Ndinali nditasiya kuwanyengerera. Phala ndinkaphikabe chifukwa cha chizolowezi, kuliika pa kampando, n'kukhala pambali pawo manja ali pamiyendo. Kunena zoona, miyezi yonse ija sindinakhalepo nawo chete. Ndinkalowa ndi sipuni, kutuluka ndi khasu, pakamwa pali nkhani za munda.

Masana ena anatembenuza mutu n'kundiyang'ana mwachilendo, ngati mwana woopa kukalipidwa.

"Amama," anandiitana choncho. "Lero ndi la ndani?"

Ndinafunsa kuti la chiyani. Anadabwa kuti ndaiwala, n'kuyamba kundikumbutsa, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Anati si ndinu munanena kuti gaga watsala pang'ono, sangakwane ana awiri tsiku limodzi? Si ndinu munati tizisinthana, lero ine, mawa Yakobe? Ndinafunsa kuti Yakobe ali kuti. Analoza ndi maso kumapazi kwa bedi. Ndinayang'anako ndithu, ndipo tsitsi linandiima ngakhale kunali masana.

Dzina lawo loyamba linali Esitere. Ndinali ndisanalitchulepo, ndipo munthu wamkulu chotero sindikanamuuza kuti iwe ngakhale kutulo. Koma ndinatenga mbale ija, ndinakhala pabedi, n'kulankhula ngati mmene amayi anga ankalankhulira kwa ine.

"Yakobe anadya dzulo, Esitere. Lero ndi lako."

Anatsegula pakamwa. Anadya sipuni zisanu ndi zitatu, akundiyang'ana m'maso, mpaka kutopa. Ndinatuluka panja n'kukalira pa chipale. Miyezi khumi ndinakhala m'nyumba imeneyo chifukwa choti ndimamva chilankhulo chawo, koma ndinangomva chiganizo chimodzi tsiku loyamba n'kuthamangira kumunda. Sindinawafunsepo kuti chaka choipacho anali ndi ndani.

Misozi atabwera ndinamuuza zonse. Anakhala pansi pa masitepe jekete ili m'thupi. Sankadziwa kuti anali ndi malume dzina lake Yakobe. Anaimba foni ku Katete, koma amene akanadziwa onse anali atapita. Kuchokera pamenepo tinatsata lamulo la nyumba imene sitinaionepo. Tsiku la Yakobe tinkaika mbale kumapazi kwa bedi, iwo akagona n'kuichotsa. Tsiku lawo ankadya. Namwino anati n'zabwino, koma anatiuza mosabisa kuti thupi linali litapitirira kale pobwererera.

Tinachita choncho masabata awiri. Tsiku lina m'mawa, lomwe linali lawo, ndinabwera ndi phala koma sanatsegule pakamwa. Misozi anali atakhala tsidya lina la bedi atawagwira dzanja. Milomo yawo inkagwedera, ndipo ndinawerama kuti ndimve.

"Amama, ndinanama," anatero. "Tsiku lija silinali langa. Ndinalira dala, inu munali mutasokonezeka ndi njala, munandikhulupirira. Mawa lake ndinateronso. Yakobe sankadziwa kuwerenga masiku, anangokhala chete. Tsiku lachitatu sanadzuke."

Misozi anamva zonse. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana mbale. Pa zaka zonse zimene ndasamalira okalamba palibe anandiphunzitsa choyankha pamenepo. Ndikanati anali mwana, sakanamva, chifukwa anali atadziuza okha zimenezo moyo wawo wonse osakhulupirira. Ankadikira mawu a munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ankamuona mwa ine.

"Ndinkadziwa, mwana wanga," ndinatero. "Sunandinamize. Masiku ndinkawerenga ndine. Ndinaona kuti awiri simungapulumuke, ndiye ndinasankha ndekha. Mlanduwo ndi wanga, si wako."

Anandiyang'anitsitsa, maso ali gwa, mpaka ndinaopa kuti andizindikira. Kenako nkhope yawo inamasuka, anapumira m'mwamba, n'kutsegula pakamwa. Anamaliza mbale yonse. Mawa lake, tsiku la Yakobe, anapempha okha tiyi ndi buledi wonyika. Anamwalira patapita masiku atatu, dzuwa lili pamutu, Misozi ali pambali pawo. Tinawaika m'manda a tchalitchi chakale chija, ndipo a Arthur anabweretsa okalamba anzawo ochepa amene ankawakumbukirabe.

Misozi amati ndinawamasula amayi ake, ndipo mpaka lero amanditumizira moni wa Khirisimasi. Mwina n'zoona. Koma ine ndimadziwa kuti katunduyo sindinamutaye, ndinangomutula pamutu pa munthu wina. Kwinakwake ku Katete kuli manda a mayi amene anayesetsa kugawa gaga mwachilungamo pakati pa ana ake awiri, mutu ukuzungulira ndi njala, ndipo ine, mlendo wokhuta, ndinalankhula ndi pakamwa pake n'kumuvomeretsa kuti anasankha mwana woti afe. Sangadziyankhire. Ndinabwerera ku Ilford, mashifiti anabwerera, ndimadya katatu pa tsiku, koma nthawi zambiri ndikakhala ndi mbale ndimayamba ndawapepesa mayi a ku Katetewo. Dzina lawo sindilidziwa, Misozi nayenso salidziwa, ndiye ndimangoti amake a Yakobe.